Mulu Wofuka Utsi Popanda Moto

Kanyerere anali kamtsikana kakang'ono. Dzina lake lenileni linalipo. Koma onse ankangomuitana kuti Kanyerere.

Kanyerere anali ndi nkhuku yake. Inali yofiira. Inali yokalamba. Tsiku lina m'mawa, nkhukuyo sinadzuke.

Kanyerere analira. Bambo ake anakumba kadzenje kuseri kwa nyumba. Anakumba pafupi ndi mulu wa manyowa. Anaikamo nkhuku. Anakwirira.

"Ababa, ndikufuna kuionanso," anatero Kanyerere.

"Pepa, mwanangu," anatero bambo.

Masabata anapita.

Tsiku lina kunacha ndi chifunga. Kunkazizira. Kunja kunali zii. Ngakhale mbalame sizinkalira. Kanyerere anapita kuseri yekha.

Atafika, anaima.

Mulu uja unkafuka utsi. Utsi woyera. Unkakwera pang'onopang'ono. Koma moto panalibe.

Kanyerere anaikapo dzanja. Mulu unali wofunda. Unali wofunda ngati mimba ya galu wogona.

Anatchera khutu. Mkati munkamveka kaphokoso.

Tswa. Tswa. Tswa.

"Ndani?" ananong'ona Kanyerere.

Palibe anayankha.

Kanyerere anaponyapo khoko la nthochi. M'mawa mwake, khoko linali litada. Patapita masiku, khoko panalibe.

Anaponyapo masamba a kabichi. Masamba anafota. Patapita masiku, masamba panalibe.

Ndani akudya?

Kanyerere anatenga kakhasu. Anapita pamene anakwirira nkhuku. Anakumba. Anakumbabe.

Nkhuku munalibe.

Munali timafupa tokha. Munali nthenga zochepa. Pa timafupapo panali ulusi woyera. Unali wopyapyala ngati wa kangaude. Ulusiwo unkalowa pansi, pansi penipeni.

Kanyerere anabwerera m'mbuyo.

"Pansi pano pali chinthu," anatero mumtima. "Chimapuma. Chimadya. Chadya nkhuku yanga."

Kenako anamva kaphokoso kena kumbuyo. Anacheuka.

Anali mlongo wake wakhanda. Anali atayamba kumene kukwawa. Anali atatuluka m'nyumba yekha. Anali atafika pamulu. Kadzanja kake kanali mkati!

Kanyerere ankafuna kuthawa. Koma sanathawe. Anathamangira pamulu pomwepo. Anamunyamula mwanayo. Anamukumbatira zolimba.

"Ababa! Ababa!"

Bambo anali kudimba, akuthirira ndiwo zamasamba. Anataya keni. Anabwera akuthamanga.

"Chavuta n'chiyani, mwanangu?"

"Mulu uwu umadya! Unadya nkhuku! Umafuna kudya mwana!"

Bambo sanaseke. Anagwada. Anagwira kadzanja ka mwana. Anakapukuta.

"Taona," anatero. "Zala zonse zilipo."

Kanyerere anayang'ana. Zala zonse zinalipo.

"Wachita bwino kumuteteza," anatero bambo. "Tsopano tiye tichione chinthucho."

"Ndikuopa, ababa."

"Gwira malaya anga."

Kanyerere anagwira malaya. Bambo anatsegula mulu ndi khasu. Utsi unatuluka, fuu!

Kanyerere anatseka maso. Kenako anatsegula limodzi.

Anaona nyongolotsi. Anaona bongololo. Anaona chiswe. Anaona tizilombo tambirimbiri. Tonse tinkathawa kuwala.

"Akudya aja ndi awa," anatero bambo. "Palinso ena aang'ono kwambiri. Maso sangawaone. Ulusi woyerawo ndi wa bowa. Nawonso ukudya."

"Angadye mwana?"

"Ayi. Awa amadya zofa ndi zowola."

"Nanga utsiwu?"

"Si utsi. Ndi nthunzi, ngati ya m'ketulo. Akamadya, mulu umatentha. Madzi amakwera kumwamba. Amakasanduka mitambo."

"Kenako mvula?"

"Kenako mvula. Madziwo amabwereranso pansi."

Kanyerere anayang'ana timafupa tija.

"Nanga nkhuku yanga yapita kuti?"

Bambo anamuika pabondo.

"Mbali ina yapita mumpweya. Masamba amakoka mpweyawo. Mbali ina yalowa m'dothi. Mizu imayamwa. Mafupa nawo adzafumbutuka pang'onopang'ono. Palibe chimene chimatayika. Chimangozungulira."

"Chimazungulira?"

"Eya. Zozungulirazo zili ndi mayina. Kaboni. Nayitirojeni. Fosifolasi."

"Fo... fosi... fisi?"

Bambo anaseka mpaka kutsokomola.

"Fisi ayi, mwanawe! Fisi muno mulibe!"

Kanyerere nayenso anaseka. Mantha anatha.

Anakwiriranso timafupa. Anapempha nthangala za dzungu kwa amayi. Anazidzala pomwepo.

Mitambo inabwera. Mvula inagwa. Timasamba tinatuluka. Dzungu linayanga. Linayanga mpaka kumpanda. Linachita maluwa achikasu. Kenako linabereka.

Linali dzungu lalikulu! Kanyerere sanathe kulinyamula. Analigubuduza mpaka kukhitchini.

Amayi analidula. Analiphika. Onse anakhala pamodzi.

Kanyerere anatenga chidutswa chake. Anachiyang'anitsitsa.

"Amayi, nkhuku yanga ili muno?"

"Muli dzuwa," anatero amayi. "Muli mvula. Muli dothi. Mulinso kachigawo ka nkhuku yako."

Kanyerere anamwetulira.

"Zikomo, nkhuku yanga," ananong'ona.

Analuma. Dzungu linali lotsekemera.

Asanalumenso, kadzanja kanatulukira pambali. Khanda linatsomphola chidutswa chonse. Linachilowetsa m'kamwa. Dzungu pamphuno, dzungu m'masaya, dzungu m'tsitsi!

"Amayi!" anafuula Kanyerere. "Wodya zonse pakhomo pano ndi uyu!"

Onse anaseka. Amayi anamupatsa Kanyerere chidutswa china, chachikulu.