Singano Yotalika Ngati Sipoko

Mayi Elenala, amene kale ankaswera m'madzi akuwokera mpunga ku Likangala, tsopano ankangodzipinda pabedi la chipatala atagwira pamimba. Munali m'chaka cha 1989. Mwana wawo Virginia, wa sitandade 8, anali atasiya sukulu kuti aziwadwazika.

Adokotala anauza bambo ake a Virginia, a Jameson, kuti chotupa cha m'mimba mwa mayiwo chinali chitafalikira ndipo sichikanachotsedwa. Koma ululu wokha akanatha kuuletsa. Akanabaya kumsana, akuyang'ana chithunzi cha ekisireyi, n'kuthira mankhwala pamtsempha umene unkanyamula ululuwo.

Virginia anaiona singanoyo pathireyi. Inali yotalika ngati sipoko ya njinga, nsonga yake yooneka yobuntha. Anatuluka n'kuuza bambo ake kuti wamva anamwino akunena m'Chingerezi kuti obayidwa nayo ambiri sadzukanso. Linali bodza. A Jameson, amene Chingerezi sankachimva, anakhulupirira mwana wawo, ndipo tsiku lomwelo anabwerera ndi wodwala kumudzi kwawo kwa Mwambo.

Masabata atatu otsatira anali oopsa. Mayi Elenala ankabuula mpaka mawu kusasa, moti anthu opita kunyanja kukagula matemba ankatsika njinga podutsa pakhomopo. Virginia ankawapukuta thukuta osawayang'ana kumaso.

Tsiku lina anapita kudisipensale kukapempha mapilitsi. A Grain, amene ankaona odwala pamenepo, anawerenga kapepala ka kuchipatala n'kumufunsa chimene anakanira. Virginia anayamba kulira, n'kuulula zonse.

A Grain sanamukalipire. Anatenga pensulo n'kujambula singanoyo kuseri kwa kapepalako. Anamufotokozera kuti ndi yaitali chifukwa mtsemphawo uli mkati kwambiri, kufupi ndi fupa la msana. Chitsulo chake chimaoneka bwino pachithunzi, kotero adokotala amaona pamene nsonga yafika asanathire mankhwala.

"Nanga kubunthako?" anafunsa Virginia.

"Anachita kuipanga dala, mwanawe. Yakuthwa kwambiri imacheka chilichonse chimene yakumana nacho. Iyi imangokankhira pambali."

Virginia anapeza bambo ake akusoka thumba la mpunga. Anagwada n'kunena zoona. A Jameson anadzuka kukabwereka ngolo yoti iwafikitse pamsewu.

Kuchipatala ntchitoyo sinatenge ngakhale ola. Madzulo dzuwa likadalipo, mayi Elenala anatambasula miyendo, chinthu chimene anali asanachite kwa miyezi iwiri, ndipo anapempha phala.

Atabwerera kumudzi, ankakhala pakhonde kucheza ndi anzawo a kumpingo. Tsiku lina amayi ake akumuluka tsitsi, Virginia anati, "Amayi, ndine ndinakuzunzitsani masabata atatu aja."

"Bambo ako anandiuza," anayankha mayi Elenala osasiya kuluka. "Inenso ndinkaiopa singano ija. Kungoti ukanafunsa, mwanangu. Tandiweramira, mzere uwu wakhota."

Anamwalira patapita masiku khumi ndi awiri, masana, ali m'tulo pakhonde pomwepo. Pamaliro anthu ankayamika kuti apita mwamtendere. Virginia ankangogwedeza mutu, koma mumtima ankawerenga masiku: khumi ndi awiri amene anacheza ndi amayi ake, ndi makumi awiri ndi limodzi amene anawataya.