Juliana Aloza Dzungu

"Waloza!"

"Sindinaloze!"

"Waloza, Juliana! Ndakuona ndi maso angawa!"

"Mukunama, akulu. Ndimathamangitsa ntchentche."

"Ntchentche yake iti? Ntchentche amaithamangitsa ndi chala chimodzi?"

Okanganawo anali Filomena ndi mng'ono wake Juliana. Anali kuseri kwa nyumba yawo, mu komboni ya mgodi ku Kitwe. Kuseriko kunali kadimba ka amai. M'kadimbamo munali maungu.

Juliana anali ndi vuto limodzi. Sankafuna kuti maunguwo akule.

Nkhaniyi inayamba mvula yoyamba itagwa. Tsiku limenelo kunabwera amalume a Amosi. Iwo ankagwira ntchito ku Ndola. Anabwera pa sitima. Anabwera ndi kachitini. M'kachitinimo munali phulusa. M'phulusamo munali nthanga.

"Alongo, taonani," anatero amalume. "Nthanga za kwathu ku Fort Jameson. Mnzanga wabwera nazo."

Amai anazilandira ndi manja awiri.

"Dzungu la khosi lalitali!" anatero amai. "Amai athu ankabzala lomweli. Amai awonso ankabzala lomweli. Kumsika wa kuno simungalipeze."

Kenako amalume anayang'ana Juliana.

"Filomena anabadwira kumudzi," anatero. "Koma uyu anabadwira pamgodi. Sadziwa khasu. Sadziwa mtondo. Dzunguli likadzakhwima, ntchito yanga idzakhala itatha. Ndidzabwera. Tidzadya. Kenako ndidzamtenga Juliana, akakulire kumudzi."

"Chabwino, alongo," anatero amai.

"Mbumba ndi yanu, alamu," anatero atate.

Juliana anali pomwepo, akumva zonse. Palibe anamufunsa.

Kumudzi ndi kutali, inu. Munthu amakwera sitima mpaka ku Lusaka. Akatsika amakwera lole. Loleyo imayenda, imayenda, osafika. Kumudziko kulibe amai. Kulibe atate. Kulibe Filomena.

Amai anakumba maenje pafupi ndi chulu. Anathiramo manyowa a nkhuku. Anabzala nthanga zija. Mvula inagwa. Nthanga zinamera.

Masamba anatuluka, aakulu ngati mbale. Nthambi zinayanga, zinayanga, mpaka zinakwera chulu. Maluwa anatuluka. Anali achikasu ngati nyali ya atate ya kumgodi. Njuchi zinabwera. Kenako kunsi kwa maluwa ena kunaoneka timaungu.

"Ana inu, tamverani," anatero amai. "Dzungu lanthete saliloza ndi chala. Ukaliloza limafota. Ukafuna kuonetsa munthu, loza ndi chigongono."

Filomena anamva. Juliana anamvetsetsa.

M'mawa lipenga la kumgodi linalira. Atate anapita kuntchito. Amai anapita kupompi kukatunga madzi. Juliana anapita kuseri. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anatulutsa chala.

"Fota," ananong'oneza.

Mawa lake anapitanso. Mkuja wake anapitanso. Kadzungu kamodzi kanachita chikasu. Kanafota. Kanagwa. Kenanso kanafota. Kanagwa.

"Mvula yachuluka chaka chino," anatero amai.

"Si mvula," anatero Filomena. Ndiye anayamba kumzonda Juliana. N'chifukwa chake ankakangana kuseri kuja.

"Ndikauza amai," anatero Filomena.

"Kauzeni. Inenso ndikawauza za shuga uja munanyambita."

Filomena sanapite kukawauza.

Timaungu tonse tinagwa. Juliana anasangalala. Anadumpha chingwe tsiku lonse.

Koma pamwamba pa chulu panali lina. Linabisala pansi pa masamba. Palibe analiona. Amai atalipeza, linali lalikulu kale ngati mutu wa mwana.

"Latsala limodzi!" anafuula amai. "Likafa ili, mbewu ya kwathu yatha."

Juliana anakwera chulu. Analoza ndi chala chimodzi. Analoza ndi zala ziwiri. Analoza ndi dzanja lonse.

"Fota! Fota msanga!"

Koma dzungu, inu! Lilibe maso. Lilibe makutu. Linangokula.

Tsiku lina kunabwera Bana Chanda, a nyumba yoyandikana nayo. Iwo ankalankhula Chibemba.

"Mwaiche, mpeelako chibwabwa," anatero. Ankapempha Juliana nkhwani woti akaphike.

Juliana anathyola masamba. Anathyola. Anathyolabe. Dengu linadzaza tho.

"Mayo! Yafula!" anatero Bana Chanda, kutanthauza kuti masamba achuluka. "Ndikudyetsa mgodi wonse ine?"

"Tengani basi," anatero Juliana.

Anaganiza kuti dzungu lopanda masamba lifa. Mvula inagwanso. Masamba ena anatuluka. Dzungu linangokula.

Khosi lake linatalika. Mimba yake inatupa. Khungu lake linali lobiriwira. Kenako linatuwa ngati phulusa. Linachita timabamphu ngati nsana wa chule. Kunena zoona, silinali lokongola.

Mvula inatha. Udzu unauma. Masamba a dzungu anauma. Amai analikanda ndi chikhadabo. Chikhadabo sichinalowe. Analigogoda. Linalira kuti gu! gu!

"Lakhwima?" anafunsa Juliana.

"Liyambe laothera dzuwa," anatero amai. "Dzungu la kwathu limatsekemera likakhalitsa."

Atate analikweza padenga la malata. Linakhala padengapo. Linakhalapo. Linakhalapobe. Mphepo yozizira inayamba. Ana anayamba kufunda matumba m'mawa. Dzungu lili padenga.

"Amake Filomena, uthenga wa ku Ndola mwatumiza?" anafunsa atate.

"Ndituma mawa," anatero amai.

Mawa linafika. Amai sanatume.

Lamulungu lina, atachokera ku Misa, anapeza munthu pakhomo. Anali amalume a Amosi. Anali ndi sutikesi ya malata ndi bulangeti lokulunga.

"Ntchito yatha," anatero amalume. "Ndadikira, ndatopa. Dzungu lija lili kuti?"

Atate analitsitsa. Amalume analigogoda. Gu! gu!

"Alongo, ili linakhwima kalekale. Munachedweranji kundiitana?"

Amai anayang'ana pansi.

"Ndikatenge mpeni," anatero.

Mpeni unakana. Atate anatenga nkhwangwa. Kha! Dzungu linang'ambika pakati. M'kati mwake munali mofiira ngati pakati pa dzira lophika. Nthanga zinali mbwee, zonenepa.

Amai anakokota nthangazo. Anaziyanika pa lichero. Anadula dzungu zidutswazidutswa. Anathira madzi pang'ono mu mphika. Anathira kamchere. Anavindikira.

Fungo linatuluka. Linazungulira nyumba. Linafika mpaka kwa Bana Chanda.

Onse anakhala pamphasa. Amalume anatenga chidutswa. Analuma. Anatsinzina.

"Ndafika kwathu," anatero.

Atate anadya. Amai anadya. Filomena anadya mpaka kukhungu. Juliana anabisa manja m'khwapa.

Tsiku la nthanga lija amalume ananena kuti, "Tidzadya, kenako tidzapita." Juliana anakumbukira bwino. Ndiye anaganiza kuti akapanda kudya, sapita.

"Idya, Juliana," anatero atate.

"Ndakhuta."

"Wakhuta chiyani? Mphepo?"

M'mimba mwa Juliana munalira kuti kulululu. Onse anamva.

"Akuchita manyazi," anatero Filomena. "Ankaliloza."

"Akulu!"

"Ankaliloza m'mawa uliwonse. Timaungu tija tinagwa ndi iyeyu. Za shuga kanene, ndilibe nazo ntchito!"

Amalume anaika chidutswa chawo pansi.

"Unkaloza dzungu la amai anga?"

"Inde, amalume."

"Unkadziwa kuti saliloza?"

"Ndinkadziwa."

"Unkafuna lifote?"

"Inde."

"Chifukwa?"

Juliana anangoyang'ana sutikesi ya malata ija.

Amalume anayang'ana sutikesi. Anayang'ana Juliana. Anayang'ana amai. Amai ankatola tizinyalala pamphasa, pomwe panalibe zinyalala.

Amalume anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, nyumba yanuyi ndi yotani? Wina akuloza dzungu. Wina akuchedwetsa uthenga. Nonsenu mulibe pakamwa?"

"Mau a amalume sabweza," anatero atate.

"Ine ndimayesa ndikukuthandizani! Ndimayesa mwana wakondwa! Uyu ndi mwana, si thumba la chimanga."

Amalume anasankha chidutswa cha pakhosi. Pakhosi ndiye pokoma. Anachiika m'manja mwa Juliana.

"Idya kaye. Ukadya unene. Chimene unene ndicho chichitike. Alongo, mwamva? Alamu, mwamva?"

"Tamva," anatero atate.

"Tamva," anatero amai, mofulumira kwambiri.

Juliana analuma pang'ono. Linali lotentha. Linali louma bwino, lopanda madzi. Linafumbutuka m'kamwa ngati mbatata. Linatsekemera ngati uchi. Analumanso. Analumanso. M'manja munatsala khungu lokha.

"Nanga ukanalifotetsa?" anatero Filomena.

"Khala chete iwe," anatero amai. "Mng'ono wako alankhule."

Onse anadikira. Juliana anapukuta pakamwa. Anasendera pafupi ndi amai. Anagwira nsalu yawo.

"Amalume, sindikufuna kupita," anatero. "Ndikufuna kukhala kuno. Ndikufuna kukhala ndi amai ndi atate."

"Nanga ine?" anafunsa Filomena.

"Ndi inunso, akulu."

"Basi, watsala," anatero amalume. "Pali china?"

Juliana anasuzumira mu mphika.

"Chilipo. Ndikufuna chidutswa china. Chachikulucho."