Kugogoda Pansi pa Lole ya a Gilibati

Nkhani iyi anandiuza koyamba ndi mayi Zipora a ku Mitundu, tsiku lina titatsala awiri m'tchalitchi tikupinda nsalu za paguwa. Ndikuibwereza monga anaiyalira iwo, ndipo ndapempha Mulungu kuti ndisaonjezepo zanga.

Amuna awo, a Gilibati, ali ndi lole yonyamula fodya ndi chimanga. Ankaikonza anali akulu awo, a Francis, makaniko wofatsa amene sankakhulupirira maso okha. Chitsulo chilichonse ankayamba achigogoda ndi kahamala kawo, khutu ali tcheru, kenako n'kunena ngati chili bwino kapena ayi. M'mwezi wa Juni a Francis anatsitsa thanki ya dizilo, n'kuuza mng'ono wawo kuti, "Usaibwezere. Pali chimene ndamva, ndikuonetsa mawa." M'mawa mwake a Francis anagwa ali pakhomo ndipo sanadzukenso. Maliro atatha, mkazi wawo, mayi Lydia, anakhoma bokosi la zipangizo ndi loko n'kubwerera nalo kwawo ku Nathenje. Lole inaima pansi pa mango miyezi inayi, thanki ili pambali, chifukwa a Gilibati analibe mtima woigwira.

Chinaidzutsa ndi ukwati. Tiyanjane, mwana wamkazi wa malemu, amene ankakhala kwa a Gilibati, anali kukwatiwa Loweruka kumudzi kwa amayi ake. Loleyo inayenera kunyamula mkwatibwi ndi abale oposa makumi atatu kudzera msewu wafumbi wodulira ku Nathenje. Lamulungu madzulo a Gilibati anaipaka penti yobiriwira, kuyambira pamwamba mpaka zitsulo zapansi, kuti mwana wa achimwene asafike ngati katundu. Lolemba anakweza thanki pa mabulaketi ake awiri, mikono yachitsulo imene imatuluka pa msana wa lole. Anayala mphira, anazunguliza malamba achitsulo, anamanga manati awiriawiri monga ankachitira a Francis, n'kuthira dizilo.

Tsiku lomwelo, anthu atangozimitsa nyale, mayi Zipora anamva kugogoda. Sikunali pachitseko. Kunkachokera panja, pansi pa mango: ngee, ngee. Kenako zii. Kenako gu, gu. Kunabwereza katatu mosafulumira, ngati munthu amene akudziwa chimene akuchita.

"Bambo a Thoko," ananong'ona kwa amuna awo, "mwamva?"

"Akuba dizilo amenewo."

A Gilibati anatuluka ndi tochi ndi mpini wa khasu. Anapeza loko wa pa thanki ali chikhomere, pansi popanda dontho, ndipo galu wawo, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, atagona pafupi ndi tayala akugwedeza mchira. Chimene chinawakhala pamtima mayi Zipora ndi mchirawo. Galuyo ankayang'ana kunsi kwa lole monga amayang'anira munthu wa pakhomo.

Lachiwiri nkhani inali itafika kale kumsika. Ena ankati ndi anyamata opopa mafuta ndi paipi. Ena ankati pali wina wanjiru amene sakufuna ukwatiwo. George, wowotcherera zitsulo pafupi ndi chigayo, anaseka n'kunena kuti chitsulo chikatentha masana chimalira chikamazizira. A Gilibati anagwira mawu a George ndi manja awiri. Analowa pansi, anakokanso nati iliyonse mpaka sipanala inakana, n'kutuluka akupukuta manja.

"Thanki iyi ngakhale njovu singaigwetse," anatero.

Koma mdima utagwa kugogoda kunabweranso. Mwezi kunalibe, mphepo inali itaima, ndipo ngakhale nkhululu za m'munda zinaleka kulira ngati nazonso zikumvetsera. Ngee, ngee. Zii. Gu, gu. Mayi Zipora anapeza Tiyanjane ataima pazenera la pabalaza, atafunda chitenje, osanjenjemera konse.

"Amayi aang'ono," anatero motsitsa mawu, "ababa ankagogoda choncho."

"Kagone, mwana wanga. Tipemphere, kenako ukagone."

Anapemphera limodzi, koma mayi Zipora sanadziwe chopempha. Sanafune kuthamangitsa chimene sanachidziwe, ndiye anangoti, "Ambuye, ngati pali choti timve, titseguleni makutu."

Lachitatu a Gilibati anawaza phulusa kuzungulira lole kuti aone mapazi. Usikuwo anakhala pakhonde ndi mkazi wawo, tochi ili m'manja. Kugogoda kutayamba anaunika msanga. Kuwala kunadutsa pansi pa lole mpaka kukagunda tsinde la mango mbali inayo. Panalibe munthu, panalibe chiweto, phulusa linali losalala. Koma kuwalako kuli pomwepo, pa thanki yobiriwira, mawu aja anamvekanso, poyera, pafupi kwambiri moti mayi Zipora anawamva m'mano. Gu, gu. A Gilibati anazimitsa tochi pang'onopang'ono, ngati munthu amene waunika mkulu kumaso mwangozi.

"Ngati ndi achimwene, akufuna chiyani?" ananong'ona. "Ndamanga monga anandiphunzitsira. Mphira ndayala. Ndalakwa pati?"

Yankho mayi Zipora analipeza Lachinayi kumsika, pamalo osayembekezeka. Ankasankha mitsuko iwiri yoti Tiyanjane apite nayo kubanja, ndipo monga amachitira mzimayi aliyense, ankaigogoda ndi chala asanagule. Woyamba unalira bwino. Wachiwiri unali wokongola, wosalala, koma unayankha mogontha.

"Umenewo usiyeni, mayi," anatero wogulitsa. "Uli ndi mng'alu m'kati. Maso sangauone."

Mayi Zipora anaimika mtsukowo pansi mwakachetechete. Akuti phokoso lonse la msika linamveka ngati lili kutali. Anabwerera kunyumba osagula kanthu. Anapeza amuna awo akumanga mabenchi kumbuyo kwa lole.

"Ndibwerekeni sipanala."

"Mwayamba umakaniko liti, mayi a Thoko?"

"Lero."

Mayi Zipora anagwada pafumbi, n'kugogoda bulaketi ya kutsogolo. Ngee, ngee. Anasuntha pang'ono n'kugogoda ya kumbuyo. Gu, gu. Anangoyang'ana amuna awo, ndipo anaona nkhope yawo ikusintha.

A Gilibati anakhuthulira dizilo m'zigubu, anamasula malamba, natsitsa thanki. Anaitana George, amene anabwera akadali ndi nthabwala zake. Koma atapala penti pa bulaketi ya kumbuyo, nthabwala zinatha. Pansi pa penti yobiriwira panaoneka chizindikiro cha choko, mtanda waung'ono umene a Francis ankalemba pa chitsulo chimene achikana. Pambali pake panali mng'alu woonda ngati tsitsi, woyenda pafupifupi kuzungulira chitsulo chonse pamene chimagwira msana wa lole. George anapondapo ndi phazi limodzi, ndipo bulaketiyo inathyoka ngati phesi.

"Pa mabampu a njira ya ku Nathenje," anatero George mawu atatsika, "thanki yodzaza ikanagwa n'kukhwekhwereka pansi pa tayala, anthu ali pamwamba. Sindikufuna n'kuganiza komwe."

A Gilibati anakhala pansi pomwepo. "Ndinapaka penti pa mawu a achimwene," anatero. "Anandilembera, ine n'kufafaniza."

Lachisanu lonse linathera pa ntchito. George anadula bulaketi yatsopano pa chitsulo chokhuthala, anaboola, n'kuimanga ndi mabawuti atsopano. Thanki inakwera, mphira inalowa m'malo mwake, malamba anakokedwa mofanana mbali zonse. Pomaliza a Gilibati anapatsa mkazi wawo sipanala. Mayi Zipora anagogoda kutsogolo, anagogoda kumbuyo, ndipo konse kuwiri chitsulo chinaimba. Usiku umenewo banja lonse linagona likumvetsera. Kunangomveka nkhululu basi. Mayi Zipora akuti bata limenelo linawaliza kuposa maliro enieniwo.

Loweruka lole inanyamuka ndi nyimbo ndi nthungululu, mkwatibwi ali kutsogolo. Inadutsa mabampu onse, inawoloka timilatho ta matabwa, n'kufika ku Nathenje dzuwa lisanatenthe. Ukwati unayenda bwino.

Madzulo, anthu akuvina panja, mayi Zipora anakokera mayi Lydia m'nyumba n'kuwafotokozera zonse. Mayi Lydia anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anamasula kiyi amene anali pa chingwe m'khosi mwawo, n'kukoka bokosi la zipangizo kunsi kwa bedi. Pamwamba pake panali fumbi la miyezi inayi, ndipo loko anali atachita dzimbiri moti anavuta kutseguka.

"Chichokereni ku Mitundu sindinalitsegule," anatero. "Kiyi sachoka pakhosi panga."

Masipanala anali m'malo mwake, atakulungidwa m'nsanza monga anawasiyira mwini wake. Kahamala kaja kanali pamwamba pa zonse. Mayi Lydia anakanyamula n'kupita nako pafupi ndi zenera, ndipo azimayi awiriwo anakayang'ana nthawi yaitali, ng'oma zikulira panja.

Pofika pamenepa mayi Zipora anasiya kupinda nsalu, nayang'ana kuguwa. Ine ndinangodikira. Mawu amene anamaliza nawo ndi awa:

"Ine sindinena kuti anali alamu anga, zimenezo akudziwa ndi Mulungu. Ndingonena zimene ndinaona. Kumutu kwa kahamalako kunali penti yobiriwira, ndipo nditaikhudza inandimata chala."