Kebulo ya pa Msawu

Immaculate uja wa ku Ngabu, wamakompyuta uja, amene anakana ukwati wa mwana wa abusa, tsiku limenelo anachoka mochedwa pachipatala chaching'ono cha ku Chapananga. Akabaza onse anali ataweruka. Koma mtsikana wamakani ameneyu! Anangonyamula chikwama cha zida, ulendo wapansi kukagona kwa azakhali ake.

Ntchito yake inali yochotsa kabokosi kakale kolumikizira makompyuta n'kuika switchi yatsopano, kenako kufikitsa netiweki kuchipinda cha amayi oyembekezera. Kebulo yochoka nyumba ina kupita ina amayenera kuikwirira m'paipi. Nanga dothi louma gwa lija, ndi dzuwa la Novembala, akumbe ndani? Anangoikoleka pamtengo wa msawu n'kuilowetsa pazenera. Timagetsi tobiriwira titayamba kuphethira, msuweni wake Juliana, namwino wausiku, anakhala pakompyuta kulowetsa mayina a odwala.

Njira ya kwa azakhali ija inadutsa panyumba ina yopanda denga. Mphepo yotentha. Kumapiri kukung'anima.

Pakhonde panali munthu, akukulunga waya pachigongono.

"Mwadokerwa tani?" bamboyo anapereka moni wamadzulo, osadzutsa mutu.

Immaculate anayankha nafulumiza. Mapazi kumbuyo... Iye kuima, nawonso zii.

"Woyera ndi lalanje... lalanje... woyera ndi wobiriwira..."

Ndondomeko ya timawaya ta m'kati mwa kebulo! Kutchire kuno? Anacheuka. Bambo uja ali pafupi, fungo ngati pulasitiki wopserera.

"Ndine Kalisto. Mwakoleka pamtengo, mayi."

"Mwa... mwaona liti?"

"Mphezi sigogoda pakhomo. Imatsata mkuwa. Amene wagwira kumapetoko ndani?"

Juliana!

Chikwama pansi. Liwiro! Minga m'mapazi, iye osamva. Madontho oyamba, akuluakulu. Kung'anima... kugunda... kung'animanso, pafupi!

Atafika pachipatala anakankha chitseko cha chipinda cha amayi chija, nazula kebulo kuseri kwa kompyuta, naiponya panja pazenera, nakokera Juliana pansi.

"Iwe, wapenga? Mayina angawo sindinasunge!"

Phaa!

Chipinda chonse chinayera. Amayi kukuwa, makanda kulira. Panja msawu utang'ambika pakati, kebulo ikufuka utsi m'matope. Switchi yatsopano ija ku ofesi, makala okhaokha.

Akuti anakhala pansi pomwepo atagwirana, mpaka Juliana anayamba kuseka kuseka kwamantha kuja.

"Msuweni, wadziwa bwanji? Kapena wayamba kulosera ngati abusa unawakanira mwana aja?"

"Andichenjeza a Kalisto, panyumba yopanda denga ija. Mawa undiperekeze ndikawathokoze."

Kuseka kuja kunathera pomwepo. Juliana anayang'ana a Paison, alonda a pachipatalapo, amene anali ataima pakhomo ndi tochi. Iwo anavula chipewa.

"Mwana wanga, Kalisto ndiye anaika mawaya oyamba pachipatala pano. Nyumba imeneyo inali yake, ankafuna kutsegulamo malo a intaneti. Mphezi inamupeza ali pamakwerero, waya uli m'manja. Papita zaka, iwe usanayambe n'komwe sukulu ya makompyutayo. Manda ake ndinakumba nawo ine."