Maola a Belinda

Lolemba pa 5 Febuluwale 2007, faifi koloko madzulo, Shalom Kaliwo analemba dzina la munthu wina papepala la maola a ntchito. Analemba bwinobwino, mosathamanga: Belinda Mponda. Kenako anakapereka pepalalo kwa a Hamilton Nyirongo, kapitawo wa ophunzira ogwira ntchito m'laibulale ya koleji ya Marwick ku South Bend.

"Wachita bwino mwanawe," anatero a Nyirongo akusayina m'munsi. "Kwathu munthu akafedwa timamulimira munda. Kuno munda wa Belinda ndi mashelefuwa."

Shalom anali ndi zaka 19, ndipo ku America anali atathako miyezi isanu yokha. A Nyirongo ndi amene anakamuchingamira pabwalo la ndege. Ndi amenenso anamugulira jekete la chisanu. Kutchalitchi komwe Amalawi ankapemphera anali mkulu wa mpingo. Shalom ankawatchula kuti amalume, ngakhale panalibe ubale. Belindayo, Shalom anali atangomuonapo kawiri. Chomwe anamva n'chakuti bambo ake amwalira ku Zomba, ndipo wapita kumaliro.

Ntchito ya Belinda inali ija ya thandizo la boma, yomwe amapatsa wophunzira wosowa fizi kuti azigwira maola owerengeka pasukulu. A Nyirongo anati akajomba milungu iwiri amulanda ntchitoyo.

"Iwe uzingogwira basi. Cheke chikatuluka ndizimutumizira ine."

Choncho Shalom ankagwira maola ake makumi awiri kukhitchini ya koleji, n'kutsikira kuchipinda chapansi cha laibulale kukagwira ena khumi ndi asanu a Belinda. Kumeneko kunalibe mawindo. Kunkangomveka mapaipi otenthetsa nyumba ndi matayala a kangolo ka mabuku. Masiku ena dzuwa linkalowa asanalankhule ndi munthu. Komabe mumtima ankamva bwino. Chibwerereni, aka kanali koyamba kuti akhale wofunika kwa wina.

Panadutsa milungu itatu.

Lolemba pa 26, thu koloko masana, mzimayi wachizungu anatsika masitepe atagwira failo. Anali mayi Melissa a ku ofesi yoona za thandizo la fizi.

"Ndikufuna Belinda Mponda. Ndinu?"

"Ayi, ndine Shalom. Belinda anafedwa, ali kumudzi. Ndikumugwirira."

Anayankha akumwetulira, akuganiza kuti mwina amuyamikira. Mayi Melissa sanamwetulire.

"Mukumugwirira? Nanga amasayina ndani?"

"Ine."

"Tiyeni ku ofesi."

Ku ofesiko anatseka chitseko n'kumuwerengera malamulo limodzilimodzi. Ntchitoyo imalembedwa pa dzina la munthu mmodzi. Palibe kugwirirana, kaya wina wadwala kaya wafedwa. Wophunzira wa viza ngati ya Shalom saloledwa n'komwe kukhudza ndalama za bomazo. Ndipo malire ake anali maola makumi awiri pa mlungu, pamene iye ankagwira 35.

"Palinso china," anatero mayi Melissa. "Belinda analemba kalata yosiya sukulu asananyamuke. Alibenso ntchito kuno. N'chifukwa chake ndinadabwa kuona dzina lake likulandirabe malipiro. Macheke akupita kuti?"

Mayi Melissa anatseka failo.

"Ndili ndi mlungu umodzi kuti ndilembe lipoti. Zikaoneka kuti munali momwemo, viza yanu ithetsedwa, mubwerera kwanu."

Shalom anatuluka mu ofesimo. Ankaganiza za bambo ake, amene anapuma msanga ntchito ya uphunzitsi kuti penshoni igule tikiti ya ndege. Akanawauza kuti chiyani?

Lachiwiri a Nyirongo sanabwere kuntchito. Seveni koloko m'mawa foni ya m'chipinda cha Shalom inalira. Anali iwowo.

"Tamva mwanawe. Akakufunsa unene kuti unaganiza wekha. Ndiwe mwana, angokuchenjeza."

"Amalume, akuti andidipota."

"Amangoopseza amenewo. Ine ndili ndi ana atatu, ndili ndi ngongole ya nyumba. Anakakutenga ku eyapoti ndani?"

"Ndinu."

"Ndiye basi."

"Amalume, ndalama zija munamutumizira Belinda?"

Foni inaduka.

Lachitatu, teni koloko, kunabwera wapolisi wofufuza milandu, bambo wamtali wotchedwa a Dixon. Anayala zithunzi patebulo la mayi Melissa. Zinajambulidwa ndi kamera ya musitolo ina yosinthira macheke ku Lawrence, ku Indianapolis. Pa chilichonse panali a Nyirongo, atavala chipewa chawo chaubweya.

"Si cheke cha Belinda chokha," anatero a Dixon. "Pali mayina ena awiri a ophunzira amene anachoka kalekale. Pa mayina enawo Nyirongo ankangolemba maola abodza. Pa Belinda laibulale ikanaona kuti mabuku sakubwerera m'mashelefu, ndiye anafuna munthu woti azigwiradi. Anakupatsaniko zingati?"

"Sanandipatse kanthu."

"Ndiye munkagwiriranji?"

"Anafedwa."

A Dixon anagogoda cholembera patebulo.

"Ine ndikukhulupirira. Koma pamapepala pali dzanja lanu, ndipo iye wasowa. Kunyumba kwake mkazi wake akuti sakudziwa. Akapanda kupezeka, woyankha mlandu mutsala nokha. Ali kuti?"

Shalom anayang'ana zala zake. Jekete lomwe anavala linali lija anamugulira iwowo. Kunja chipale chofewa chinkagwa mwakachetechete. 

"Loweruka apezeka," anatero motsitsa mawu.

"Kuti?"

"Ku Speedway, ku Indianapolis komweko, kunyumba kwa a Sosten. Ndi Mmalawi, namwino wa kuchipatala. Amayi awo amwalira ku Ntcheu, ndiye tonse tikakhala nawo. Amalume ndi amene amatsogolera mwambo."

A Dixon anaseka pang'ono. "Munthu wothawa apolisi angapite kumaliro?"

"Inu angakuthaweni. Maliro sangajombe. Anthu angafunse kuti ali kuti."

Loweruka pa 3 Malichi, Shalom anakwera galimoto ya a Alufeyo, bambo wina wa kutchalitchi, pamodzi ndi banja lawo. Nayenso sakanajomba. Ulendo unatenga maola atatu. Ana a a Alufeyo ankakangana m'Chingerezi, iye atakhala pakona.

Nyumba ya a Sosten inali mumsewu waung'ono, chapafupi ndi bwalo lotchuka la mipikisano ya magalimoto. Pabalaza anali atachotsamo mipando. Azimayi anakhala pansi pakapeti atamanga zitenje pamwamba pa mathalauzi. Azibambo anakhala m'garaja, atazungulira chotenthetsera chamagetsi. Shalom anakhala chakukhomo, pafupi ndi mulu wa nsapato.

Wanu koloko inakwana. Kenako hafu pasiti wanu.  Nanga a Nyirongo akapanda kubwera?

Thu koloko ndendende a Nyirongo analowera kukhomo lakukhitchini, atavala suti yakuda. Galimoto anali atabwereka ya munthu wina. Anagwira a Sosten dzanja ndi manja awiri, n'kuima pakati. Ataona Shalom anagwedeza mutu pang'ono, ngati akuti tagwirizana. Kenako anayambitsa nyimbo ndi mawu awo aakulu aja, anthu n'kulandira.

Shalom anaona pawindo galimoto ziwiri zikuima. A Dixon anatsika ndi apolisi awiri a yunifolomu. Sanagogode nthawi yomweyo. Anaima pakhonde m'chisanu mpaka nyimbo itatha.

A Sosten ndi amene anatsegula.

"Pepani ndi maliro," anatero a Dixon. "Tikufuna Hamilton Nyirongo."

A Nyirongo anayang'ana kukhomo lakukhitchini. Kunali kale wapolisi wina. Anatseka buku la nyimbo, n'kulipereka kwa munthu amene anali pafupi.

"Mwamangidwa pa mlandu woba ndalama za boma ndi kusayina macheke a anthu ena," anatero a Dixon.

"Pamaliro, bwana?" anafunsa m'Chichewa, ataiwala amene akulankhula naye.

Unyolo anawamangira pakhonde. Anayenda opanda nsapato, ndi masokosi okha, mpaka mkazi wawo anawathamangitsira nazo kugalimoto. Atabwerera m'nyumba, mayi Nyirongo anaima pakhomo akupuma mwabefu. Anayang'ana azimayi onse mmodzimmodzi.

"Wawauza ndani kuti abambo abwera kuno?"

Shalom akanatha kukhala chete. Koma anatopa ndi kulemba dzina la munthu wina.

"Ndine, mayi."

Palibe anamukalipira. Mayi amene anakhala naye pafupi anangokoka nsonga ya chitenje chake n'kusendera uko.

A Dixon anasuzumiranso pakhomo. "Shalom, Nyirongo wavomera kuti inu simunalandire kanthu. Ndaimbira mayi Melissa. Ntchito ya kukhitchini muyamba mwaisiya chaka chino, koma Lolemba mupite m'kalasi."

Ananena mokweza, nyumba yonse ikumva. Shalom anati zikomo, koma sanadzimve yekha.

Mwambo unapitirira. A Alufeyo ndi amene anatseka ndi pemphero. Tiyi atabwera, kapu inadutsa pamaso pa Shalom n'kupita kwa wina. Folo koloko anthu anayamba kuvala nsapato. A Alufeyo anamupeza pakhonde, maso ali kumsewu.

"Mwana wanga, pobwererapa tatenga mayi Nyirongo ndi ana. Malo atha. Ufunseko ena."

Sanafunse aliyense. Anayenda mpaka pamsewu waukulu, pamene panali chikwangwani cha basi. Anadikira mphindi makumi anayi, mphepo ikumuluma m'makutu. Magalimoto a Amalawi anadutsa angapo. Ina inachepetsa liwiro, kenako inapitirira.

Basi itaima anafunsa dalaivala ngati ikufika m'tauni, kumene amakwerera za ku South Bend. Dalaivala anagwedeza mutu kuvomera. Munalibe munthu wina aliyense. Shalom anakakhala mpando wakumbuyo kwenikweni, anamasula chitenje, n'kuchipinda bwinobwino pamiyendo.