Mpata wa Pakati pa Nthiti

Alinafe sankakhazikika pa benchi la chipatala cha mumzinda. Ankati akakhala pansi n'kudzuka, kusuzumira pazenera, kutsokomola, n'kukhalanso. Anali mtsikana wa Fomu 2 wochokera ku Nsaru, koma teremu yonse sanapondeko m'kalasi chifukwa cha chotupa chimene chinapezeka m'phapo lake lakumanja. Madokotala odziwa za mapapo anali atabwera kwa sabata imodzi yokha, ndipo tsikulo linali lomaliza kusankha odwala oti achitidwe opaleshoni.

"Amayi, bwanji osangovomera nokha?" anafunsa Alinafe.

"Iwe, ndingayambe bwanji? Mwinimbumba ndi atsibweni ako. Popanda mawu awo, kumudzi ndikayankha zotani?"

Dzuwa litapendeka, atsibweniwo, a Nasoni, anatulukira ali thukuta kamukamu. Iwo ankapha ndi kugulitsa mbuzi pamsika wa Nsaru. Sanadikire n'komwe moni.

"Mwanayu sang'ambidwa ayi! Ine mapapo ndimawagwira tsiku ndi tsiku. Kuti uwafike umayamba waswa nthiti ndi chikwanje. Ndiye mukufuna amutero mwanayu? Mlongo, nyamulani chikwama, tizipita."

Amayi a Alinafe anali atayamba kupinda chitenje pamene dokotala wina wamkazi, dzina lake Ruth, anatuluka m'chipinda.

"Bambo, musanapite, bwerani mudzaone phapo la mwanayu. Mukakana mutaliona, sindikuletsani."

A Nasoni analowa monyinyirika. Pa kompyuta panaoneka phapo lathunthu, lokhala ndi kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali ngati loti munthu n'kuligwira. Dokotala analizunguliza ndi chala. Munali njira za mpweya zokhala ngati nthambi, mitsempha ya magazi yofiira, ndi chotupa chachikasu chonga dzira la nkhunda.

"Aa! Kodi mwamutsegula kale?" anadabwa a Nasoni.

Dokotala anaseka. "Ayi, bambo. Makina anajambula mkati mwa chifuwa zithunzi zambirimbiri, kompyuta n'kuzilumikiza. Timafuna tidziwe njira tisanamukhudze."

A Nasoni anawerama, nkhope pafupi ndi galasi. "Tatembenuzaninso. Eee, n'chimodzimodzi ndi la mbuzi ndithu. Koma nthiti mwazibisa. Zibwezereni tione mudutsa pati."

Dokotala anadina, nthiti zinaoneka zitakuta phapolo. Kenaka analoza malo atatu pakati pa nthitizo. "Tiboola timabowo ting'onoting'ono apa. Pena tilowetsa kamera yopyapyala ngati pensulo, penapo zipangizo zochotsera chotupacho. Fupa sitithyola."

Chala cha a Nasoni chinali kufufuza m'nthiti mwawo, pamwamba pa malaya, mpaka chinapeza pofewa. Mpata umenewo ankaudziwa, chifukwa mpeni wawo unkadutsamo osagunda fupa.

"Nanga mtsempha waukuluwu?" anafunsa motsitsa mawu.

"Tauona kuti ukudutsa kumbuyo kwa chotupa, n'chifukwa chake tilowera mbali iyi. Sindikunamizani, bambo, opaleshoni iliyonse ili ndi zoopsa zake. Koma tikachisiya, chotupachi chizikulirakulira."

A Nasoni anacheukira Alinafe, amene anali ataima pakhomo akupotokola zala. "Nanga mwiniwakewe ukuti bwanji?"

"Ndatopa ndi kutsokomola, atsibweni. Ndikufuna kubwerera kusukulu."

Bamboyo anapuma mpweya wautali, n'kuyang'ana mlongo wake. "Auzeni adokotala kuti mbumba yavomera."

Mvula yoyamba itagwa, Alinafe anadutsa pamsika atavala yunifolomu, akuthamangira belu. M'nthiti mwake munali tizipsera titatu tosaposa chikhadabo. Pa benchi la nyama la a Nasoni, bambo wina wodikira chiwindi ankauza anzake kuti kuchipatala cha mumzinda amang'amba anthu ngati mbuzi.

A Nasoni anaika chikwanje pansi.

"Akulu, kodi munakaonako ndi maso anu?"

"Ayi, ndinangomva."

"Inenso ndinkangomva," anatero a Nasoni. Kenaka anakweza mawu: "Iwe Alinafe, thamanga! Belu lalira kale, eti!"