Lipenga la Amayi a Nayeli

Nayeli ankakhala mumzinda wa Xalapa. Tsiku lina anayamba kuda nkhawa.

Amayi ake anali oliza lipenga. Lamlungu ankayenera kukaimba pabwalo la mumzinda. Koma poyeserera kunyumba, nyimbo yawo inali yodukaduka.

Pa-pa-paaa! Kenako zii.

Pa-pa-paaa! Kenako ziii.

"Amayi, mwaiwala nyimbo kodi?" anafunsa Nayeli.

"Ayi mwanawe. Ndikudikira anzanga."

Nayeli anayang'ana uku ndi uku. M'khitchini munali mphaka yekha.

Anathamangira kwa agogo ake aamuna, a Eusebio.

"Agogo, anthu akawaseka amayi!"

"Woseka ndikamutseka pakamwa ndi chipewa changachi," anatero agogo.

Nayeli sanaseke.

Lamlungu m'mawa, bwalo linadzaza. Mapepala ofiira ndi obiriwira ankauluzika m'mwamba. Oimba anali ambirimbiri. Nayeli anawerenga mpaka makumi asanu, n'kusokonezeka. Amayi anali kumbuyo kwenikweni.

Wotsogolera nyimbo anakweza kamtengo. Onse anangoti duu.

Mavayolini anayamba pang'onopang'ono, ngati mvula yowaza. Zeze analowa. Zitoliro zinalowa. Kenako ng'oma. Du-du-du-dum! Nayeli anaimva m'mimba mwake.

Nyimbo inakula. Inakula. Inakula mpaka nkhunda zinauluka pa tchalitchi.

Amayi anakweza lipenga. Nayeli anagwira dzanja la agogo zolimba.

Pa-pa-paaa!

Mavayolini onse anayankha!

Pa-pa-paaa!

Ng'oma zonse zinayankha!

Panalibe zii. Panalibe woseka. Nayeli anangoti kukamwa yasa. Thupi lonse linachita tsemwe.

"Agogo, anzawo aja ndi amenewa!" ananong'ona.

Agogo sanamve. Misozi inali mbwembwembwe.

"Iyi ndi nyimbo ya kumudzi kwathu," anatero. "Tinkavina pamatabwa tsiku la ukwati."

Nsapato za agogo zinayamba kugunda pansi. Go-go-go! Nsapato za anthu ena zinayamba. Go-go-go! Nsapato za Nayeli nazonso. Go-go-go!

Nyimbo itatha, anthu anaimirira. Anaomba m'manja mpaka manja kuwawa.

Nayeli anathamanga n'kukumbatira amayi.

"Amayi, lipenga lanu linafika kumitambo!"

Atatuwo anakhala pamthunzi. Anadya matamale otentha, zikondamoyo za chimanga, zokulunga m'masamba a nthochi.

"Ndiyeseko?" anapempha Nayeli.

Amayi anamupatsa lipenga. Nayeli anatupitsa masaya. Anauzira ndi mphamvu zake zonse.

Mbuuu!

"Kodi ng'ombeyi yalowa bwanji mumzinda?" anafunsa agogo.

Amayi anaseka mpaka kutsamwa.

"Mawa tiyamba kuphunzira," anatero.